Kalata yotseguka kwa Civil Service Commission: tiuzeni zoti ana athu awerenge

Olemekezeka Wapampando ndi Makomishonala, pamodzi ndi akuluakulu a nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma ku Capital Hill,

Landirani moni wanga. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Loweruka ndimakhala pansi ndi achinyamata a kudera kwathu amene akufunafuna ntchito m'boma, kuwathandiza kulemba makalata ofunsira ntchito ndi kukonzekera mafunso. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye musandimve ngati mdani. Pempho langa ndi limodzi. Khazikitsani mayeso olowera ntchito za m'boma odziwika bwino, okhala ndi tsiku lake, silabasi yake ndi malikisi oti aliyense awaone, kuti mwana wa ku Nthalire kapena wa ku Makhanga adziwe choti achite ndi chaka chake m'malo mongodikira kuti wina amukumbukire.

Sindikupempha chachilendo. Malamulo oyendetsera dziko lino, m'ndime 186, ndiwo anakhazikitsa bungwe lanu, ndipo ndime 187 inakupatsani mphamvu yolemba anthu ntchito, kuwakhazikitsa pa maudindo ndi kuwalanga akalakwa. Lamulo la Public Service Act la 1994 likunena kuti munthu azilowa ndi kukwezedwa m'ntchito za boma potengera luso, nzeru ndi kuthekera kwake basi, pambuyo pa mpikisano wachilungamo ndi wapoyera umene ukupereka mwayi wofanana kwa nzika zonse. Mawu amenewa ndi abwino kwambiri. Koma mpikisano sungakhale wachilungamo pamene wina anamva kalekale kuti malo atsegulidwa mwezi wamawa, anauzidwa ndi zimene amakonda kufunsa, pomwe mnzake wangoona chithunzi cha malonda a ntchito pa WhatsApp kutatsala masiku atatu kuti atseke.

Ndikufuna muone mmene kukonzekera kumakhalira kuno kwathu, chifukwa kuchokera m'maofesi mwanumo mwina kumangooneka mulu wa maenvulopu. Mnyamata amayamba wapita kwa ojambula mapepala pa msika, magetsi akakhalapo. Amajambulitsa satifiketi ya MSCE, dipuloma kapena digiri, chiphaso cha unzika, ndi kalata ya komwe anagwirako ntchito mongodzipereka. Kenako amakasaka wodinda chidindo chotsimikiza kuti mapepalawo ndi enieni. Amagula envulopu ya khaki, n'kulemba adiresi pang'onopang'ono kuti asalakwitse chilembo, n'kukwera kabaza kupita ku positi ofesi. Zonsezi ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri ndi za mayi ake zogulitsira mandasi kapena tomato. Akatumiza, amabwera kwa ine ndi funso limene ndalimva mpaka kuliloweza: "Aphunzitsi, ndiye panopa ndiziwerenga chiyani?"

Pamene ndinkaphunzitsa Fomu 4, funso limeneli linali ndi yankho. Silabasi inalipo. MANEB inkatulutsa ndondomeko ya masiku a mayeso nthawi ikadalipo. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ankapezeka, ndipo mwana wakhama ankatha kudziyesa yekha n'kudziwa pamene akufooka. Koma mwana yemweyo akamaliza sukulu n'kufika pakhomo pa boma, njira imazimiririka. Ndiye amangoloweza chilichonse chimene wapatsidwa: maina a nduna zonse, ngakhale kuti zimasinthidwa, nsanamira zitatu za masomphenya a Malawi 2063, ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, ndi mndandanda wa "mafunso amene amabwera" umene umayenda m'magulu a pa foni wopanda mwini wake. Ndinaona mtsikana wina, wanzeru ndithu, atadzaza kope lonse ndi mayankho otere, ena olakwika, chifukwa amene anawalemba koyamba nayenso ankangolota. Nthawi imene akanaithera pa masamu, pa kulemba lipoti lomveka, kapena pa kudziwa malamulo a ntchito imene akufunayo, inathera pa zoloweza zopanda mutu.

Ndikudziwa kuti nthawi zina pamakhala mayeso olemba anthu asanaitanidwe ku intavyu, ndipo ndikudziwanso kuti olemba ntchito m'boma si inu nokha. Aphunzitsi ali ndi Teaching Service Commission, azaumoyo ali ndi Health Service Commission, makhonsolo ali ndi Local Government Service Commission, apolisi nawonso ali ndi yawo. Koma wofuna ntchito saona kusiyana kumeneku. Iye amangoti boma. Ndipo chimene amakumana nacho n'chimodzimodzi: sadziwa kuti malo adzatuluka liti, sadziwa chimene adzayesedwe, ndipo akalephera sadziwa kuti walephera pati. Ambiri sauzidwa n'komwe kuti alephera. Amangomva kuti anzawo anayamba kale ntchito.

Pamene palibe choti munthu awerenge, amayamba kusaka munthu. Apa ndiye pamandipweteka kwambiri. Achinyamata amene ndimakhala nawo salankhulanso za kukhoza, amalankhula za "kukhala ndi wamkati". Wina amafunsa ngati malume ake amene anapuma ku unduna wina angadziwe aliyense. Wina amalowa m'gulu la achinyamata a chipani chimene sachikonda n'komwe, poganiza kuti mwina dzina lake lingakwere pa mndandanda. Ndipo atambwali anaona mpata. Amaimba foni, kunena kuti ali ku likulu, dzina lako laoneka koma pakufunika kangachepe kuti fayilo iyende, tumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba lero lomwe. Munthu amene wakhala zaka zinayi pakhomo ndi digiri m'sutikesi amatumiza. Mukatulutsa chenjezo kuti boma sililipiritsa pofunsira ntchito mumachita bwino, koma chenjezolo silikwanira, chifukwa wakubayo akugulitsa chinthu chimene inu simunapereke: uthenga wa pamene fayilo yafika.

Ndinene mosapsatira. Sindikunena kuti aliyense amene analembedwa ntchito anadutsa pakhomo la kuseri. Ndikudziwa ana amene ndinawaphunzitsa, opanda wachibale aliyense mu Lilongwe, amene analowa m'boma ndi mutu wawo. Koma chifukwa zonse zimachitikira kumdima, nawonso amanenedwa kuti anapereka kena kake. Mdimawo ukudetsa olungama pamodzi ndi olakwa, ndipo ukudetsa inu amene. Komishonala woona mtima alibe njira yotsimikizira anthu kuti ndi woona mtima ngati malikisi atsekeredwa m'kabati.

Tonse tikukumbukira za June 2020, kutatsala masabata ochepa kuti chisankho cha pa 23 June chichitike. Unduna wa zaumoyo unalengeza kuti ofuna ntchito, kuphatikizapo ya alangizi a zaumoyo, angofika pa malo osankhidwa kudzayesedwa pompo. Anthu miyandamiyanda anakhamukirako pa nthawi imene dziko linkauzidwa kuti tizitalikirana chifukwa cha Covid-19. Pa sekondale ya Katoto mu Mzuzu anthu anapondana ndipo ambiri anavulala n'kuthamangira nawo kuchipatala. Amene anapondedwa tsiku limenelo anali atanyamula masatifiketi m'manja. Kusowa kwa ntchito ndiko kunawasonkhanitsa, inde, koma chimene chinawapanikiza pa geti ndi kusowa kwa dongosolo. Pakanakhala kulembetsa koyambirira, nambala ya aliyense, tsiku ndi chipinda chake, mphamvu za m'mapewa sizikanalowa m'malo mwa nzeru.

Palinso nkhani ya mtengo wa ulendo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a dziko lino, pafupifupi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa minibasi unakwera nawo. Mtsikana wina wa m'gulu langa analandira foni Lachitatu madzulo kuchokera ku ofesi ina ya boma, imene sinditchula, kuti Lachisanu m'mawa akapezeke mu mzinda. Banja linagulitsa mbuzi pa mtengo wolira, chifukwa wogula akaona kuti uli pa changu sakumvera chisoni. Anapita, anafunsidwa kwa mphindi zochepa, anabwerako, ndipo yankho silinabwere. Iye anali ndi mwayi poti foni inalowa. Angati amene amaimbiridwa foni ili yozima, ili kotchajitsa pa msika, dzina lawo n'kudumphidwa?

Kunja kuno kuli maiko amene anayenda kale njira imene ndikupemphayi, ndipo ndi bwino kuwayang'ana ndi maso onse awiri. Ku India, ndime 315 ya malamulo a dzikolo inakhazikitsa bungwe lolemba ntchito za boma lalikulu, UPSC, komanso bungwe la chigawo chilichonse. Titenge chigawo cha Uttar Pradesh, chimene chili ndi anthu oposa 200 miliyoni. Bungwe lake, UPPSC, lili mu mzinda wa Prayagraj. Limatulutsa kalendala ya mayeso a chaka, ndipo silabasi imalembedwa m'chilengezo momwemo. Mayeso a maudindo akuluakulu a chigawocho ali m'magawo atatu. Loyamba ndi la mafunso osankha yankho, longosefera anthu. Lachiwiri ndi lolemba ndithu, mapepala 8 a malikisi 1,500 onse pamodzi. Lachitatu ndi intavyu, ndipo ili ndi malikisi 100 okha. Taonani kulemera kwake. Kumwetulira kwa munthu pamaso pa mabwana, Chingerezi chake chothyakuka, kapena dzina la bambo ake, sizingagubuduze zimene analemba ndi dzanja lake. Gawo loyamba likatha, bungwelo limatulutsa mayankho amene likuwaona kuti ndi olondola n'kupereka masiku oti amene akutsutsa abweretse umboni. Ndipo mu 2011 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti wolemba mayeso ali ndi ufulu woona pepala lake lochongedwa kudzera m'lamulo lawo la ufulu wopeza uthenga la 2005. Mwana wa mlimi kumeneko akhoza kusowa ndalama, koma sasowa chodziwa choti awerenge.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo matope a ku India ndi ambiri. Anthu pafupifupi 4.8 miliyoni analembetsa mayeso a mu February 2024 olimbirana malo 60,244 a upolisi ku Uttar Pradesh komweko. Mafunso anatuluka tsiku lisanafike, mayeso onse anathetsedwa, ndipo analembedwanso mu August. Mwezi womwewo wa February, mayeso a UPPSC a maudindo a m'maofesi, amene anthu oposa 1 miliyoni ankalimbirana malo 411, nawonso anabedwa, n'kudzathetsedwa mu March. Ku Bihar, mayeso oyambirira a BPSC, bungwe lolemba ntchito la chigawocho, a pa 8 May 2022 anathetsedwa tsiku lomwelo mafunso atapezeka akuyenda pa mafoni. Mu November 2024 ophunzira anagona mu msewu kunja kwa maofesi a UPPSC kwa masiku angapo, kukana kuti mayeso amodzi alembedwe masiku awiri ndi mafunso osiyana kenako malikisi asinthidwe ndi masamu amene iwo sankawakhulupirira, mpaka bungwelo linagonja n'kuwalembetsa tsiku limodzi. Boma la India linafika pokhazikitsa lamulo mu 2024 lopereka chilango cha zaka 3 mpaka 5 kundende kwa obera mayeso a boma lalikulu, ndi zaka 5 mpaka 10 kwa magulu ochita malonda amenewa.

Choipa china cha kumeneko ndi malonda a sukulu zokonzekeretsa. Mabanja amagulitsa minda kuti mwana akakhale m'kachipinda ku Delhi, ku Patna kapena ku Prayagraj, kuwerenga chaka ndi chaka. Ku Uttar Pradesh munthu amaloledwa kulemba kuyambira zaka 21 mpaka 40, ndiye ena amathera unyamata wawo wonse pa desiki. Pa 27 July 2024 ophunzira atatu anamira m'chipinda chapansi chowerengeramo cha sukulu ina yotere ku Old Rajinder Nagar mu Delhi, madzi a mvula atasefukiramo. Sindikufuna zimenezi kwathu kuno. Ndazilemba kuti muone kuti ndikudziwa kulemera kwa chimene ndikupempha, ndiponso chifukwa zolakwa za anzathuwa zikutisonyeza pamene tiyenera kumanga molimba.

Ifenso tili ndi chipsera chathu. Mu November 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mafunso anali atafala, ndipo ana analembanso mu January 2021 asilikali akuthandiza kulondera mapepala. Ndinaona nkhope za ana amene anawerenga moona mtima atauzidwa kuti zonse zija zapita pachabe. Wina anganene kuti ngati likasa linalowa mu MSCE, kuli bwanji mayeso amene mphotho yake ndi malipiro a mwezi ndi mwezi ndi penshoni. Funsolo ndi loona. Koma taganizani: kubedwa kwa MSCE kunadziwika, dziko lonse linakwiya, akuluakulu anafunsidwa, ndipo mayeso analembedwanso. Chinyengo cha m'mayeso apoyera chimasiya mapazi. Chinyengo cha m'chipinda cha intavyu, momwe muli anthu anayi ndi chitseko chotseka, sichisiya kanthu koti munthu akaloze. Ine ndingasankhe vuto limene tingaligwire.

Ndiye ndikupempha kuti muyambire pa kalendala. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndipo pofika nthawi imeneyo maunduna amakhala akudziwa malo amene Treasury yalola kuti adzazidwe. Lengezani pamenepo kuti chaka chino pali malo akutiakuti, kulembetsa kudzatsekedwa tsiku lakuti, mayeso adzalembedwa mwezi wakuti, zotsatira zidzatuluka pofika tsiku lakuti. Mukatero musunge mawu anu. Chilengezocho chisathere m'nyuzipepala za Chingerezi zimene sizifika kumidzi. Chimveke pa MBC ndi pa mawailesi a m'madera, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi zilankhulo zina, chilembedwe mu Boma Lathu, chimatidwe pa ofesi ya DC m'maboma onse 28.

Silabasi ndiyo mtima wa nkhaniyi, ndipo apa ndikulankhula ngati mphunzitsi. Mayeso amaumba zimene anthu amawerenga. Mukamafunsa maina a nduna, dziko lidzadzaza ndi oloweza maina a nduna. Funsani zimene ntchitoyo imafuna. Kalaliki apatsidwe kalata yosokonekera ya munthu wodandaula kuti aifupikitse m'mizere isanu n'kulemba yankho laulemu. Wothandiza kuwerengera ndalama apatsidwe malisiti ndi buku losagwirizana kuti apeze pamene pasowa ndalama. Wofuna udindo woyang'anira apatsidwe nkhani ya bwana amene akumuuza kuti asaine malipiro a katundu amene sanafike, afotokoze chimene angachite ndi lamulo limene lingamuteteze. Ndipo musaiwale zilankhulo zathu. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo amathera tsiku lake akulankhula ndi agogo pansi pa mtengo, osati kulemba Chingerezi. Amene angafotokoze kasungunulidwe ka thanzi ORS kapena katalikiridwe ka mapando a chimanga m'chilankhulo cha anthu a komwe akukagwirako ntchito, ayenera kulandira malikisi pa luso limenelo. Malawi School of Government, imene inapangidwa pophatikiza Malawi Institute of Management ndi sukulu ya ogwira ntchito m'boma ya ku Mpemba, ili ndi anthu odziwa zimene wogwira ntchito m'boma ayenera kudziwa. MANEB ili ndi ukadaulo wokonza ndi kuchonga mayeso a anthu ochuluka. Simukuyambira pa thengo.

Silabasiyo ikatuluka, ituluke ndi mafunso achitsanzo ndi mayankho ake, ndipo chaka chilichonse mapepala olembedwa kale aziikidwa poyera kwaulere. Njira yothanira ndi malonda a sukulu zokonzekeretsa ngati za ku India ndi yomweyi: boma lipereke lokha chimene amalondawo akanagulitsa. Kuika pa intaneti kokha sikukwanira, chifukwa bandulo ndi ndalama, ndipo kalembera wa 2018 yemwe uja anapeza kuti nyumba zolumikizidwa ku magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse. Sindikizani timabuku, tiikidwe m'nthambi za National Library Service ndi m'ma TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi amene ali kale m'mazoni a sukulu dziko lonse. Gawo loyamba la mayeso lilembedwe m'sukulu za sekondale za m'boma lililonse nthawi ya tchuthi, kuti pasakhalenso wogulitsa mbuzi chifukwa cha mphindi khumi za mu mzinda. Osaona apatsidwe mapepala a Braille ndi nthawi yoonjezera, ndipo chipinda chikhale choti wa pa njinga ya olumala alowemo.

Pa pepala pasakhale dzina. Pakhale nambala yokha. M'dziko mwathu dzina la munthu limanena kwawo, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhani ya zigawo imatipwetekera. Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Ku China, kumene mayeso olowera ntchito za boma anakhalapo kwa zaka pafupifupi 1,300 mpaka anathetsedwa mu 1905, mu ulamuliro wa mafumu a Song ankamata dzina la wolemba, ndipo alembi ankakoperanso mayankho onse kuti wochonga asazindikire ngakhale kalembedwe ka dzanja. Ngati anthu olemba ndi burashi anakwanitsa, ife a makompyuta ndi ziphaso za unzika zokhala ndi zidindo za zala tilibe chowiringula. Chiphaso chomwecho chingaletsenso munthu kulembera mnzake.

Zotsatira zikatuluka, aliyense adziwe malikisi ake ndi malire amene anadulira. Amene akuona kuti walakwiridwa akhale ndi masiku odziwika opemphera kuona pepala lake. Izinso zili kale m'malamulo athu. Ndime 43 ikupereka ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene chiganizo cha ofesi ya boma chakhudza munthu, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Mwana amene wauzidwa kuti unapeza 54 pomwe anadulira pa 61, ndipo unagwa pa masamu, amabwerera kunyumba ali ndi chochita. Ine monga mphunzitsi ndikhoza kumuthandiza. Koma amene sanauzidwe kanthu amabwerera ndi mkwiyo wokha, ndipo mkwiyo umenewo ukuunjikana m'midzi ndi m'matauni mwathu.

Intavyu ikhalepo, chifukwa pali zina zimene pepala silingaonetse, koma malikisi ake akhale ochepa ndipo aliyense wofunsa alembe ake payekha. Amene akhoza koma malo n'kuwathera aikidwe pa mndandanda wapoyera wa chaka chimodzi, kuti malo akapezeka pakati pa chaka atengedwe motsatira nambala, osati motsatira foni yochokera kumwamba. Lamulo la Gender Equality Act la 2013, lonena kuti polemba ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 mwa 100, lingatsatidwe bwino pa mndandanda woterewu, aliyense akuona mmene latsatidwira. Ndipo achinyamata amene anadutsa m'ndondomeko ya boma yophunzirira ntchito imene inayamba mu 2018 auzidwe poyera ngati miyezi imene anagwirayo ili ndi malikisi kapena ayi, m'malo mowasiya akuyembekezera lonjezo limene palibe analilemba.

Mudzandiuza kuti ndalama palibe. Ndikumva. Koma panopa ndalamazo zikulipidwa kale, kungoti akulipira ndi amphawi, m'mafotokope, m'maulendo ndi kwa atambwali. Boma nalonso limalipira pamene kulemba ntchito kwatsutsidwa kwa Ombudsman kapena kukhoti, ndiponso pamene munthu wosadziwa ntchito wakhala pa mpando zaka makumi atatu akusocheretsa mafayilo a penshoni za anthu. Mudzandiuzanso kuti dokotala kapena injiniya sangayesedwe ndi pepala limodzi ndi kalaliki. N'zoona, ndipo iwo ali ndi mabungwe awo owapatsa ziphaso. Ine ndikunena za makomo amene anthu ambiri amalowerapo, momwe ofunsira amakhala zikwi pa malo ochepa: ukalaliki, kuthandiza kuwerengera ndalama, ulangizi, ndi maudindo oyambira a omaliza ku yunivesite.

Chimene mayeso sangachite ndi kubala ntchito. Aphunzitsi a pulayimale a ndondomeko ya IPTE amene anamaliza maphunziro n'kukhala zaka akudikira kutumizidwa ku sukulu sanasowe mayeso, anasowa malo olipiridwa. Boma silingalembe aliyense, ndipo achinyamata ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa inu mosabisa. N'chifukwa chake chiwerengero cha malo chiyenera kulengezedwa pachiyambi. Munthu akadziwa kuti malo ndi 200 ndipo olembetsa ndi 30,000, amatha kusankha mwanzeru: ayese kawiri kapena katatu uku akulima, akuchita geni kapena akuphunzira luso lina, osati kuimika moyo wonse podikira kalata. Ndingakonde kuti muikenso malire a maulendo amene munthu angalembe, kuti tisadzakhale ndi m'badwo wokalambira pa mabuku a mayeso monga tikuonera kwa anzathu a ku India aja.

Musayambe ndi zonse nthawi imodzi. Sankhani gulu limodzi la ntchito m'chaka cha zachuma chikubwerachi, mwachitsanzo makalaliki ndi othandiza kuwerengera ndalama. Tulutsani silabasi miyezi isanu ndi umodzi mayeso asanafike. Itanani a ACB, a ofesi ya Ombudsman ndi atolankhani kuti aone kuyambira kosindikiza mafunso mpaka kochonga. Mukamaliza, sindikizani lipoti lonena kuti analembetsa angati, analemba angati, anakhoza angati m'boma lililonse, amuna angati ndi akazi angati, ndi zimene zinavuta. Kenako muitane makomishoni anzanu aja kuti muonere limodzi ngati njirayo ingafalikire kwa iwo. Ngati pali lamulo kapena ndondomeko imene ikukumangani manja, itchuleni poyera kuti tikalankhule ndi aphungu athu aikonze.

Ndikupempha kuti yankho lanu lidzaperekedwe pa wailesi, m'chilankhulo chimene makolo a anawa amamva, chifukwa iwo ndiwo akhala akulipira maenvulopu.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pa ntchito